Kasitomala Akalunjika ku Chitseko

Gulu: aku Hruska (amayi anatulukamo)

LACHIWIRI

07:04 Adadi: Joelle wadzuka? Usadikire msonkhano wa Lachinayi ndi kochi wakoyo. Lowa mu portal lero.

07:05 Adadi: Joelle

07:06 Adadi: JOELLE

07:11 Maren: adadi mwana ali mkalasi, enafe tili ku ntchito. season ya volleyball mesa yatha sabata yatha? timayesa tipumako

08:52 Joelle: ndinali mu lab. sisi nkhani ndi iyi. lamulo latsopano likuti timu isapitirire atsikana 18. ife kuno ku Corliss State tikaphatikiza atsopano obwera August tili 20. awiri achotsedwa

08:53 Joelle: kochi Dettmer akutiitana mmodzimmodzi. ndipo scholarship yathu ndi ya chaka ndi chaka, ukachoka mu timu yapita. ine chatsala chaka chimodzi chokha kut ndimalize degree

08:58 Maren: mmodzi ndi room mate wakoyo eti, Shaylin?

08:59 Joelle: eya iye akudziwa kale. alibe scholarship, zaka ziwiri ali pa benchi kuombera mmanja anzake. wayamba kulongedza, room yonse makatoni okhaokha

09:00 Maren: nde wachiwiri?

09:00 Joelle: ndi amene akundisowetsa tulo

09:14 Adadi: [mawu, 1:47] Tamverani ana inu. Ine Wendell Hruska ndagulitsa magalimoto zaka makumi atatu. Kasitomala amene wakhala pampando nkumamwa khofi wanga, ameneyo amalipira mtengo wonse, sindimuchotsera olo pang'ono. Koma amene waimirira, watenga chipewa, walunjika ku chitseko, ameneyo ndimamuthamangira. Palibe anafikapo pa galimoto yake ndisanamuitane. Portal ndi chitseko chimenecho. Ukalembetsa dzina kuti ukufuna kusamuka sukulu, makochi a dziko lonse amaliona, ndi mayi Dettmer yemwe. Akangoliona mtima uti myuu. Akuthamangira ndi scholarship yonse, osati theka akukupatsali.

09:20 Maren: adadi pa nkhani iyi Joelle si kasitomala. ndi galimoto

09:20 Maren: ndipo pa yard yogulitsira magalimoto otere ali mbwee

09:22 Joelle: ukalowa mu portal sukulu ili ndi ufulu wokulanda scholarship semester ikangotha. anatiuza chaka chikuyamba

09:23 Adadi: Amangoopseza. Nanenso ndimamata chipepala choti mtengo sutsika.

09:25 Adadi: Komanso musaiwale aku Texas. Marlow University. Kochi Pruitt.

09:26 Maren: wa ma kolache uja?

09:28 Adadi: Ku camp ya June anandigwira paphewa nkunena ndi pakamwa pake kuti mwana wanuyu timamukonda, tsiku lina adzakhala wathu.

09:29 Maren: anali atameza ma kolache asanu ndi limodzi, mabanzi a jamu aja amapanga amayi, jamu ali tuu pachibwano. mukanamuonetsa galu wathu akanati amamukondanso

09:31 Joelle: mwamutumizira ma video angati adadi

09:31 Adadi: Ochepa.

09:32 Maren: wayankhapo?

09:36 Adadi: Sangayankhe. Lamulo limaletsa kochi kulankhula ndi wosewera wa timu ina asanalowe mu portal. Kukhala chete kwakeko ndiye umboni. Munthu akusamala lamulo chifukwa akumufuna.

09:37 Maren: kkkkkk ndekuti madokotala onse a chipatala chino akufuna kundikwatira. palibe amandiyankha moni

09:38 Adadi: Iwe volleyball unaisiya uli ndi zaka khumi chifukwa mpira unakumenya mphuno. Khala chete.

09:39 Maren: mphuno ilipo mpaka pano. ndinasankha bwino

LACHITATU

11:15 Joelle: msonkhano wasinthidwa. akuti Lolemba. kochi apita ku Kansas City kukaonera atsikana a high school

11:16 Adadi: Waona? Akukagula galimoto yatsopano yakale ili mu garaja.

11:17 Maren: nde mwavomera kut ndi galimoto

13:40 Joelle: [chithunzi]

13:40 Joelle: taonani mtsikana uyu. akumuyendetsa mu gym ndi makolo ake. wamfupi ngati ine, miyendo ngati ine. munthu wamfupi chonchi mu volleyball amasewera kumbuyo basi, malo anga

13:41 Joelle: zaka zitatu ndikugwa pansi kutola mipira, mawondo anga akuda ngati a mbuzi, kudikira kut libero wathu, katswiri wa kumbuyo wovala jezi yosiyana ndi anzake, amalize sukulu ndivale jezi yakeyo. wamaliza. nde abweretse uyu?

13:44 Adadi: Ndinanena ine.

13:52 Joelle: chomwe chikundiopsa nchoti portal yatsegulidwa kale. akandichotsa Lolemba anzanga akhala atatsogola ndi sabata yathunthu, malo abwino atatha

13:53 Joelle: sisi iwe ukuti bwanji. serious

14:30 Joelle: Maren

18:12 Maren: pepa mwana tinali ndi odwala ambiri. ine nditi chani. ingokumbukira kut mlangizi wakoyo ndi yemwe anati galu wangonenepa ndi chimanga, mawa lake ana asanu ndi awiri pansi pa sofa kkkk

18:13 Joelle: ok

LACHINAYI

10:02 Adadi: [chithunzi]

10:03 Maren: adadi chipewa cha cowboy ncha chani pakati pa Nebraska mu December

10:04 Adadi: Chinali pa sale.

10:04 Maren: makutu azizira amenewo

10:05 Adadi: Ku Texas kulibe chisanu. Joelle usiku wa Lachisanu tikufuna tidye nyemba za chili ndi ma cinnamon roll tikudziwa kuti nkhani yayenda.

10:41 Joelle: ndikuganizabe

10:42 Adadi: Woganiza kwambiri amapeza galimoto itagulidwa ndi wina.

LACHISANU

09:48 Joelle: ndalowa

09:48 Adadi: MWANA WANGA

09:50 Joelle: mayi wa mu ofesi anandifunsa katatu ngati ndatsimikiza. kachitatu anachita kuvula magalasi. akut dzina lioneka masana

09:51 Adadi: Nawonso ndi mbali ya sewero. Foni ikhale ndi moto. Akaimba Dettmer usayankhe koyamba, ilire kaye.

09:55 Maren: eish. chabwino. zabwino zonse mwana

14:21 Joelle: sanaimbe. alemba

14:21 Joelle: "Joelle, ndaona dzina lako. Zikomo chifukwa cha zaka zitatu, unatigwirira ntchito ndi mtima wonse. Ndikukufunira zabwino kumene ukupita. Msonkhano wa Lolemba ndauchotsa."

14:22 Joelle: adadi

14:22 Joelle: ADADI

14:29 Adadi: [mawu, 0:38] Ayi ayi ayi, usanjenjemere. Imeneyo ndi njira yakale, ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Kasitomala akaimirira nanenso sindithamanga pompo. Ndimayamba ndanamizira kusaka cholembera, kuyang'ana pawindo, kuti aone ngati sindikusamala. Mayiyu akudziumitsa. Mpatse mpaka Lolemba. Pakali pano Pruitt akuona dzina lako, mwina akusamba mmanja kuti aimbe bwinobwino.

14:33 Maren: uthengawo ine ndauwerenga kawiri. sindikuonamo munthu wosaka cholembera

14:34 Adadi: Iwe umadziwa kubaya jakisoni. Malonda tisiyire.

LOWERUKA

08:17 Joelle: card yanga siikutsegula chitseko cha gym

08:18 Joelle: andichotsanso mu group ya timu. ndinangoona "Imani wakuchotsani". Imani amene ndinamugwirira tsitsi akusanza mu bus ya ku Wichita

08:30 Adadi: Akukulitsa sewero. Ndi bwino. Ndiye kuti zawawawa.

11:05 Joelle: aimba a college ina ku North Dakota. malo alipo koma scholarship alibe

11:06 Adadi: Auze zikomo. Ife tikudikira Texas.

12:47 Maren: adadi

12:47 Maren: ichi nchani pa facebook ya Hruska Motors

12:48 Maren: [chithunzi]

12:48 Maren: "ZIKOMO CORLISS STATE, MWANA WATHU WAKULA, AKUPITA KU ZAZIKULU" ndi nkhope ya Joelle ndi moto kumbuyo. mwamuika pakati pa pickup yofiira ndi ngolo yonyamulira ng'ombe

12:50 Joelle: CHOTSANI

12:51 Adadi: Osewera onse akuluakulu amaika chithunzi chotsanzika. Ndinachipanga ndekha pa kompyuta ya ku ofesi.

12:51 Joelle: amaika akapeza kopita!!! chotsani pls

12:53 Maren: anthu 41 achikonda kale. aunt Bernadine akufunsa ngati ngoloyo ikadalipo

12:58 Joelle: kochi Dettmer aikapo chala chammwamba

12:59 Adadi: Waona, akutsatira. Munthu wosasamala satsatira.

13:00 Maren: ambuye

LOLEMBA

09:10 Adadi: Pruitt waimba?

10:30 Adadi: Ku Texas mwina ali mu tchalitchi.

10:31 Maren: lero ndi Lolemba

12:02 Adadi: Joelle?

15:44 Joelle: [mawu, 1:21] Ndatopa kudikira, ndamuimbira ndekha Pruitt wanuyo. Ndati ndine Joelle. Akuti Joelle uti. Ndati Joelle Hruska, wa ku Corliss State, bambo anga akhala akukutumizirani ma video. Akuti ma video anji. Ndati tinabwera ku camp ya June. Akuti camp yanji. Ndiye ndati tinabweretsa ma kolache. Adadi, munthu uja anakuwa. Akuti aaa, a kolache! Bambo aja a mawu aakulu! Akuti ma video sanawatsegule, amalandira mazanamazana. Akuti ma libero ali nawo atatu ndipo nawonso lamulo la 18 lawagwira, mawa akuchotsa mmodzi. Ndamufunsa kuti nanga munauza bambo anga kuti mumandikonda bwanji. Akuti ife ana onse obwera ku camp timawakonda. Pomaliza wandifunsa ngati amayi amaika tchizi kapena jamu yekha, mkazi wake akufuna ayesere.

15:50 Maren: ndekuti mu banja lathu amene Texas ikumufuna ndi amayi

15:51 Maren: pepa. sindikanatha kuzigwira

16:20 Adadi: Munthu wopanda ulemu. Ndipo timu yawo chaka chino sinachite bwino. Tapulumuka.

16:21 Joelle: tapulumuka kupita kuti adadi

16:40 Adadi: Ndikufufuza.

LACHIWIRI

13:12 Joelle: Shaylin anaitanidwa ndi kochi mmawa. anapita atavala bwino ngati wopita ku maliro, anatenga ndi makiyi a loka kut akabweze

13:13 Joelle: wabwera akulira

13:13 Maren: mayo. muuze pepa

13:14 Joelle: wabwera ndi jezi ya libero

13:14 Joelle: ndi scholarship

13:15 Maren: chani??

13:17 Joelle: wakhala pa bedi langa akundipepesa, mamina ali chuchuchu, jezi ili pamiyendo. ine nde ndikumusisita pamsana kumuuza kut congrats. ndikumutonthoza munthu chifukwa watenga malo anga

13:18 Joelle: ndipo sindingamude. mtsikanayu zaka ziwiri amafika mu gym woyamba kudzapopa mipira

13:31 Adadi: Shaylin amene amaopa mpira uja? Akumugwiritsa ntchito kuti uchite nsanje. Nanenso ndimaitana mnyamata wotsuka magalimoto kuti azizungulira galimoto ngati akufuna kugula.

13:32 Joelle: mawa ndikupita kwa kochi kukapempha kut ndituluke mu portal ndibwerere

13:33 Adadi: AYI. Ukabwerera wekha mtengo umakwera.

13:33 Joelle: sindimakufunsani

13:35 Adadi: Ndibwere tikalowe limodzi? Ndi maola awiri okha.

13:35 Maren: adadi mukayandikira sukulu imeneyo ndiuza amayi za boti munagula osawauza lija

13:36 Adadi: Ndimangofunsa.

LACHITATU

10:00 Adadi: Walowa?

10:25 Adadi: Usayambe ndiwe kutchula nambala.

11:10 Maren: mwana zayenda bwanji

12:45 Maren: Joelle

14:03 Maren: ndaimba kawiri. ungondiuza kut uli bho

15:37 Joelle: [mawu, 2:05] Ndili bho. Ndinali mu galimoto ndimangokhala. Mvetserani nonse ndipo wina asandidule. Anandilandira bwino, anandipatsa ndi tiyi. Ndawauza kuti ndinalakwitsa, ndikufuna kubwerera, olo theka lomwe lija, olo pa benchi. Akuti Joelle, anthu ndi 18 ndipo akwana, ndamuuza kale Shaylin, sindingakamulande. Ndiye ndafunsa kuti wachiwiri wochotsedwa anali ndani. Akuti panalibe wachiwiri. Kaylor anawauza kale mwezi watha kuti akusiya chifukwa cha phewa lake, amangodikira auze makolo. Wochoka anali Shaylin yekha. Ine msonkhano wanga unali woti andipatse jezi ya libero ndi scholarship yonse ya chaka chomaliza. Anausintha tsiku chifukwa amafuna jeziyo ifike kaye, andipatse mmanja. Ndafunsa za mtsikana wamfupi uja. Aseka. Akuti ameneyo ndi wa timu ya mpira wamiyendo, amangodutsa mu gym popita ku canteen. Ndiye akuti, ndinadabwa nditaona dzina lako, ndinafuna kukuimbira Loweruka, koma ndinaona bambo ako alengeza kuti ukupita ku zazikulu, ndinati ndisamutsekereze mwana.

15:52 Maren: mayo ine

15:58 Adadi: Akunama. Amanena choncho onse malonda akatha.

15:59 Joelle: jezi ya Shaylin ndaiona mkati mwa kolala. size yanga. Shaylin ikumulendewera

16:04 Maren: adadi nde mwagulitsa mwana pa mtengo wa chipewa

16:05 Joelle: iwenso khala chete

16:05 Maren: ine?

16:07 Joelle: ndinakufunsa Lachitatu lapita. ndinati serious. ndinadikira maola anayi kut mkulu wanga andiuze kut usapange. unanditumizira nkhani ya galu

16:08 Joelle: umadziwa kut nzopusa. unaona kut kuseka adadi nkokoma kuposa kundiletsa ine

16:09 Joelle: adadi olo analakwitsa koma amakhulupirira zomwe amanena. iwe umangoonera ngati filimu

16:31 Maren: zoona

16:32 Maren: ndinaopa kut ndikakuletsa nkukuchotsa Lolemba udzati ndine. nde ndinabisala mu nthabwala. pepa Jo. ndilibe chonena china

17:15 Adadi: Ana inu musakangane. Pali njira. Ndikudziwa munthu ku Oklahoma, mlamu wake amayendetsa bus ya timu.

17:48 Adadi: Joelle?

LACHINAYI

09:20 Adadi: Ndachotsa chithunzi chija pa facebook.

09:21 Adadi: Ngolo yagulidwa.

11:02 Maren: adadi si nthawi yake

11:40 Adadi: Boti ndiligulitsa. Fizi ya semester ikubwerayi ipezeka. Amayi ako ndawauza ndekha za boti, ndagona pa sofa.

11:41 Adadi: Aku North Dakota aja nambala yawo ukadali nayo?

14:16 Joelle: ndinawaimbira. anatenga wina Lamulungu

14:17 Joelle: nyumba ino ndi ya osewera. akut ndikamaliza mayeso mawa ndituluke. mu January mulowa mtsikana watsopano

14:18 Maren: ndipemphe off ndibwere?

14:30 Joelle: ayi

LACHISANU

10:05 Adadi: Ndibwere ndi pickup? Makatoni ndili nawo ku yard.

10:44 Joelle: makatoni alipo. Shaylin wamasula ake wandipatsa

10:45 Joelle: [chithunzi]

10:45 Joelle: onse analembedwa kale. SHAYLIN NSAPATO. SHAYLIN MABUKU. sindinafufute, marker yatha

10:47 Maren: akukuthandiza kunyamula?

10:48 Joelle: ananyamula awiri kenako anathamangira ku gym. ali ndi ma weights 11 koloko ndi timu

12:10 Adadi: Tamvera mwana wanga. Podutsa pa ofesi ya kochi yenda pang'onopang'ono. Katoni ikhale mmanja, aione. Sindikunena kuti ulowe. Ungoyenda pang'onopang'ono.

12:11 Maren: adadi chonde

12:12 Adadi: Zaka makumi atatu, Maren. Amaitana. Nthawi zonse amaitana.

12:39 Joelle: ndadutsa. anali pawindo. andibayibitsa

12:40 Adadi: Pitiriza kuyenda. Usacheuke.

12:46 Joelle: ndafika pa galimoto adadi

12:46 Joelle: palibe wandiitana

12:47 Adadi akulemba...

12:53 Adadi akulemba...